Tsitsi la Ozella Tatum

Ozella Tatum anagwira mutu wa mayi aliyense wa mumpingo wathu, koma mwa ife panalibe amene anagwirapo mutu wake. Ine Corine ndinakhala pampando wake Loweruka ndi Loweruka, kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi zitadzaza mutu, ndipo ndinkadziyesa mnzake wa pamtima. Ndinadzazindikira kuti sindinkamudziwa tsiku limene ndinamuchirikiza mutu atazizira kale.

Saluni yake inali khitchini ya nyumba yake, kuseri kwa njanji, m'katauni kathu ka ku Mississippi. Munali mpando umodzi pafupi ndi sitovu, zipeso zachitsulo zili pamoto, chitini cha mafuta, ndi thaulo loyera loyeserapo ngati chipeso chatenthetsa. Ukalowa unkalandiridwa ndi fungo la tsitsi lopserera losakanikirana ndi la mlamba wokazinga, poti Ozella ankatha kuwongola tsitsi uku akuyang'anira nsomba. Ife tinkandanda m'mbali mwa khoma kudikira, ndipo pofika madzulo tauni yonse inali itaweruzidwa kale: amene ali ndi pakati, amene mwamuna wake sakugona pakhomo, amene anabwera kutchalitchi ndi chipewa chobwereka.

Tinkati Ozella ali ndi manja omeretsa. Kwathu kuno imeneyi si nkhani yoseka. Pali anthu amene akakugwira m'mutu tsitsi limakula, ndipo pali ena amene akakugwira limayamba kutsalira m'chipeso. Mayi akhoza kusintha mpingo, akhoza kusintha mwamuna, koma sapereka mutu wake kwa munthu wa manja oipa. Ozella ankasamala ndi zina zonse zoyenera kusamala. Tsitsi lotsalira m'chipeso ankaliwotcha m'kambale, kuopa kuti mbalame ingalitole n'kukamangira chisa, mwini wake n'kumadwala mutu. Ndipo mmodzi wa ife akamwalira, Ozella ankanyamula chikwama chake kupita kwa a Gilliam okonza maliro, chifukwa amene wakhala akukupesa moyo wako wonse ndi amene amakupesa komaliza.

Anabadwira m'minda ya thonje ya mzungu wina amene dzina lake sindikufuna kulitchula. Anayamba kutola thonje asanadziwe kulemba dzina lake, akutsatira mayi ake, malemu Zenobia, mayi wamfupi wosalankhulalankhula amene duku silinkachoka kumutu kwawo, kumunda ngakhale kutchalitchi. Ozella analumbira kuti sadzafera m'mizere ya thonje, ndipo chipeso ndi chimene chinamutulutsamo. Anakwatiwa ndi Lucius Tatum, mwamuna wokongola ngati wa pakalendala, amene anakwera sitima ya ku Detroit kukafuna ntchito, nati akakhazikika adzawaitana. Mpaka lero akukhazikikabe. Anasiya mkazi, khanda lalikazi dzina lake Rochelle, ndi jekete limodzi pamsomali.

Ndisamunamizire mnzanga, mwanayo anamulera. Rochelle sanagonepo ndi njala, sanapitepo kusukulu ndi diresi long'ambika. Koma Ozella anali mmodzi wa amayi aja amene amaona ngati kuyamikira mwana n'kumuwononga. Mwana akakhoza mayeso, iye ankafunsa za phunziro limodzi limene silinayende bwino. Akatsuka matambula, ankawayang'ana padzuwa. Ankamugulira nsapato zabwino kuposa zake, kenako n'kumuuza kuti amayenda ngati bakha.

Rochelle anakulira pasinki ya m'khitchinimo, kutitsuka mitu tisanakhale pampando wa mayi ake. Anali kamtsikana kachete, ka zala zazitali. Atafika kusekondale anali atayamba kale kuluka anzake pakhonde, ndipo chimene ankafuna pamoyo wake chinali chodziwika kwa aliyense: kuti tsiku lina mayi ake adzamupatse chipeso pamaso pathu n'kunena kuti mwana uyu ali ndi manja. Anadikira mawu amenewo kwa nthawi yaitali kuposa mmene munthu ayenera kudikirira chinthu.

Amene anayambitsa zonse mosadziwa anali Beulah Crenshaw, mkazi wa dikoni, munthu wa pakamwa posatseka. Tsiku lina akudzuka pasinki, thaulo lili kumutu, anati:

"Ozella, uchenjere. Kamwana kakoka kadzakulanda mpando. Kandikanda m'mutu mpaka ndinayamba kulota malemu agogo anga."

Tinaseka tonse. Ozella anasekanso, koma anaseka ndi mano okha.

Masiku amenewo kunali kutafika mankhwala owongolera tsitsi, aja opaka ngati phala, oti ukapaka kamodzi umaiwala za chipeso chamoto kwa miyezi. Atsikana anayamba kuthamangira ku saluni za m'matauni akuluakulu, ndipo Ozella anaona kuti akapanda kusintha adzatsala ndi nkhalamba zokhazokha. Rochelle anali ataphunzira kapakidwe kake kusukulu. Ndiye Ozella anamuuza kuti ayambe wayesera pamutu pa iye Ozella, asanagwire munthu wina aliyense.

Zimene zinachitika kuseri kwa chitseko tsiku limenelo ndinazimva patapita zaka zambiri, kwa Rochelle mwiniwake. Anapaka monga anaphunzirira, anatsuka nthawi yake isanapitirire. Koma akupatula tsitsi lonyowa lija anaona pakati pa mutu wa mayi ake kachigamba kosalala, kokula ngati pansi pa kapu.

"Amayi, pano palibe tsitsi."

Ozella anapisa dzanja, nakhudza malowo. Kenako anatembenuka n'kumuyang'ana mwana wake m'maso.

"Wandiwotcha. Taona zimene wandichita. Ukauza munthu, udzatuluka m'nyumba muno."

Mtsikanayo anakhulupirira. Mwana wa msinkhu umenewo angakayikire bwanji mayi ake pankhani ya tsitsi, pamene tauni yonse inkawakhulupirira?

Loweruka lotsatira tinapeza Ozella atamanga duku. Palibe amene anadabwa, poti kunkatentha. Anthu anali ambiri, ndipo Beulah, amene sankadziwa kudikira, anati:

"Aaa, ine ndichedwa ku kwaya. Rochelle mwana wanga, tatenga chipeso chinacho undiwongole iwe."

Rochelle anapukuta manja, nayang'ana mayi ake. Ozella sanatukule n'komwe maso pamutu umene ankakonza.

"Mukufuna dazi, Beulah? Ngati mwatopa nalo tsitsi lanu, m'patseni. Mwana uyu sanatengere manja anga. Ake ndi othothola."

"Zoona, Ozella?"

"Ndinamubereka ndine. Ndingamunamizire?"

Ananena moseka, koma mawu amenewo analibe nthabwala, ndipo tonse tinawamva. Beulah anabwerera pamalo pake msangamsanga. Rochelle anatembenukira kusinki n'kutsegula madzi, ngakhale munalibe mutu woti atsuke. Pofika Lamlungu nkhani inali itadutsa njanji. Amayi anayamba kubwera atatsuka kale m'mutu kunyumba. Atsikana amene ankalukidwa pakhonde analeka kubwera, poti mayi awo anawaletsa. Mawu a mlendo tikanawakayikira, koma awa ananena ndi mayi wake womubereka, amenenso anali mwini ntchito.

Atamaliza sukulu, Rochelle anakwera basi ya ku Memphis. Kumeneko kunalibe amene anamva za manja othothola. Anayamba ndi kusesa m'saluni ya munthu, kenako anapatsidwa mpando, ndipo m'kupita kwa zaka anatsegula saluni yake, ya magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Ine ndinakaiona ndi maso anga. Amayi ovala bwino ankadikira pamzere. Nditabwerako ndinamuuza Ozella zonse, ndikuganiza kuti asangalala. Anangoti, "Anthu a ku Memphis ali ndi tsitsi lotaya," n'kundiuza kuti ndiweramitse mutu.

Chimene chinkatidabwitsa n'chakuti Rochelle sanasiye kubwera. Mwezi uliwonse galimoto yake inkaima pakhomo pa Ozella, makatani n'kutsekedwa, ndipo madzulo ankabwerera maso ali ofiira. Tinkati ndi mwana wabwino, amadzaona mayi ake. Sitinkadziwa kuti ankabwera kuntchito. Kachigamba kaja kankakula chaka ndi chaka, ndipo Rochelle ndi amene ankasoka tsitsi logula pakansalu kopyapyala, kulidula, kulisakaniza ndi lenileni la m'mbali ndi la pachipumi, mpaka munthu osaona polumikizira. Lamlungu Ozella ankalowa m'tchalitchi tsitsi likugwera m'mapewa pansi pa chipewa, ife n'kumatsinana kuti taonani, mayi wa msinkhu umenewu. Tsitsi limenelo ndi limene linkatitsimikizira kuti ali ndi manja omeretsa. Ndipo ulendo uliwonse, akamavula duku pamaso pa mwana wake, mawu ake oyamba anali omwewo: "Taona ntchito ya manja ako."

Zimandipsetsa mtima mpaka lero ndikaganiza zimene mawu amenewo anadya. Rochelle anali ndi saluni yodzaza anthu, koma mayi aliyense wa tsitsi lopyapyala ankamupereka kwa wantchito wake. Iye mwini sanapakepo mankhwala pamutu pake, ankangometa lalifupi. Anabereka mwana wamkazi wa tsitsi lambiri ngati nkhalango, ndipo sanamupesepo ngakhale kamodzi. Ankamutumiza kwa anansi. Mwanayo anakula akuganiza kuti mayi ake alibe naye nthawi, ndipo lero ali kutali, amaimba foni pa Khirisimasi.

Zaka zinapita. Ambiri a ife amene tinkandanda m'mbali mwa khoma anapesedwa komaliza kwa a Gilliam, ndipo otsalafe tinkabwerabe, ngakhale manja a Ozella anali atayamba kunjenjemera ndipo makutu athu ankadziwa zimenezo. Rochelle nayenso anali atakula, imvi zitayamba.

Anafika Loweruka lina masana, losakhala tsiku lake lobwera. Ena anali atapita, pampando ndinali ine ndekha, mbali imodzi ya mutu itawongoledwa, inayo ikadali chitsamba. Anandipatsa moni mwaulemu, koma maso ake sanali pa ine. Anavula kachipewa kake, nawerama pamaso pa mayi ake. Pakati pa mutu wake panali kachigamba kosalala.

Ozella anaika chipeso pamoto. Anakhudza malowo ndi chala, mofatsa kuposa mmene ndinamuonerapo akukhudza munthu.

"Hmm. Agogo ako linawayambiranso pomwepa," anatero.

Rochelle anaweramuka pang'onopang'ono.

"Mwati chiyani, amayi?"

"Ndati chimene ndanena."

"Dokotala wandifunsa ngati kwathu alipo wina. Akuti zimayenda m'magazi, kwa mayi kupita kwa mwana. Ine ndamuyankha kuti ayi, alipo mmodzi koma ameneyo ndinamuchita ndine. Ndiye inu mukuti agogo? Duku lija?"

"Usakweze mawu m'nyumba mwanga. Pali mlendo."

"Munkadziwa. Tsiku lija musanandipatse mutu wanu munkadziwa kale."

Ine ndinali gwa pampando, osamvetsa kuti mmodzi amene akunenedwayo ndi ndani. Ndinkaganiza kuti ndi m'bale wina wa kutali. Nzeru zanga sizinafike n'komwe pa duku limene linali patsogolo panga.

Rochelle sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa. Analankhula ndi mawu a kamtsikana ka pasinki kaja.

"Sindikupempha kuti mupepese, amayi. Ndikukudziwani. Ndikupempha chinthu chimodzi. Loweruka likubwerali, amayi awa akadzakhala pano, mudzanene kuti manja anga alibe mlandu. Basi. Mudzangonena zomwezo."

"Ndikadzanena, adzandifunsa kuti ndadziwa bwanji."

"Mudzawauze."

"Ukufuna Beulah Crenshaw andiseke ndili moyo? Iwe uli ndi magalasi ako ku Memphis. Ine ndili ndi chiyani?"

Anatenga chipeso pamoto, nachipukuta pathaulo, nachiyandikiza patsaya kuti amve kutentha kwake.

"Corine, gwira khutu."

Ndinagwira khutu, monga timachitira kuti chipeso chisatiwotche. Rochelle anavala kachipewa kake n'kutuluka, ndipo chitseko anachitseka bwinobwino.

Ndinkayesa kuti sadzabweranso. Miyezi inadutsa galimoto yake osaoneka, ndipo Ozella anasiya kupita kutchalitchi, akuti mawondo. Kenako tsiku lina anagwa pafupi ndi sitovu, mbali imodzi ya thupi n'kufa. Amene anafika koyamba kuchipatala anali Rochelle, ndipo anamwino anatiuza kuti chinthu choyamba chimene anachita chinali kumanga bwino duku la mayi ake. Anasiyira antchito saluni, nabwera kudzakhala m'nyumba ya kuseri kwa njanji. Ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuwatembenuza. Ife tikapita kukazonda tinkati, "Wachita bwino mwana, mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo." Mwambi umenewo ndi wosavuta kunena pamene mayiyo si wako.

Tsiku lina ndikuthandiza kusintha nsalu za pabedi, Ozella anakoka mkono wa mwana wake ndi dzanja limene linkagwirabe. Mawu ankatuluka mbali imodzi ya pakamwa, koma ankamveka.

"Ndikafa, kamtsikana ka kwa Gilliam kasandigwire mutu. Udzandikonze iweyo. Wekha."

"Ndi manja othothola omwewa?"

"Chatsala n'chiyani choti uthothole?"

Rochelle anaseka, misozi ili mbwembwembwe. Anadikira kuti mwina pabwera mawu ena. Ine ndinadikiranso, chinsalu chili m'manja. Ozella anatseka maso n'kunena kuti pilo wakwera kwambiri. Anamwalira mlungu womwewo, m'mawa, mvula ikugwa.

Tsiku loti anthu akaone nkhope lisanafike, Rochelle anaima pakhomo panga ndi chikwama cha mayi ake.

"Anti Corine, tiyeni mukandigwirire mutu. Ndekha sindingathe."

A Gilliam anatilowetsa m'chipinda chozizira cha kumbuyo, natisiya. Ozella anali atavekedwa diresi lake loyera la tsiku la mgonero, duku likadali kumutu. Ndinalowetsa manja pansi pa khosi lake monga Rochelle anandiuzira, ndipo iye anamasula mfundo.

Kalanga ine! Pamwamba ponse panali posalala ngati bondo. Kunangotsala mzere wa imvi pachipumi, ndi tina m'mbali mwa makutu ndi kunkhongo. Mutu umene tinkaulozera ana athu m'tchalitchi unali umenewu. Ndinafuna kukhala pansi, koma sindikanatha, poti ndinali nditanyamula mutu wa munthu. Pamenepo ndi pamene Rochelle anandiuza zonse, kuyambira tsiku la mankhwala lija. Ankafotokoza uku akuyala zipeso ndi timapini pathebulo, ngati akunena za munthu wina.

Atamaliza anaima n'kumawayang'ana mayi ake.

"Mukudziwa, Anti Corine, ndikhoza kungowapesa tomweti n'kuwasiya chonchi. Mawa aliyense adzaona yekha. Sindidzafunika kunena kanthu."

Mtima wanga unali utawira. Ndinaganiza za mwana wa Rochelle amene sanapesedwepo ndi mayi ake, ndinaganiza za Loweruka lija.

"Asiye choncho," ndinatero. "Ozella anali mnzanga, koma asiye choncho. Anadya dzina lako kuti asunge lake. Alipire kamodzi kokha."

Rochelle anasisita pamwamba posalala paja ndi chikhatho, ngati mmene umachitira ndi mwana amene watentha thupi.

"Ankaopa," anatero. "Bambo atapita, chimene anatsala nacho chinali mutu uwu ndi mpando uja."

"Ndiye akanakuponda iwe?"

"Anandiponda. Sindikuti sanandiponde. Tukulani pang'ono, Anti."

Anatulutsa m'chikwama tsitsi limene anali atasoka kale, la imvi zosakanikirana ndi lakuda monga la munthu wa msinkhu wa Ozella. Ndinazindikira kuti analikonza mayi ake akadali moyo, m'masiku omwe ankawadyetsa ndi supuni. Ndaonapo anthu akugwira ntchito, koma ngati ija sindinaionepo. Ankatenga tsitsi lenileni la pachipumi pang'onopang'ono, kulipesera m'mbuyo, kulilowetsa m'logulalo, mpaka ine amene ndinali nditagwira mutuwo ndinasokonezeka kuti lenileni lathera pati. Manja anga anachita dzanzi, iye osapuma. Atamaliza anatola tsitsi lotsalira m'chipeso, nalikulunga m'kapepala kuti akaliwotche kunyumba.

Mawa lake m'tchalitchi munadzaza. Amayi ankafika pabokosi n'kuima nthawi yaitali kuposa mmene amaimira pamaliro ena. Ndinamva wina akuti, "Taonani tsitsilo, mpaka kumanda." Wina anati, "Manja omeretsa sanama." Beulah Crenshaw, atatsamira ndodo yake, analira mokweza kuti tauni yataya mutu wake wokongola koposa.

Rochelle analowa pambuyo pa onse, ndipo analowa wopanda chipewa. Mumpingo wathu mayi wa msinkhu wake sabwera pamaliro mutu uli pamtunda, makamaka maliro a mayi ake. Anayenda pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo, kachigamba kaja kakuwala ndi magetsi, kali poyera kwa aliyense wokhala kumbuyo kwake. Sindikudziwa chimene ankayembekezera. Mwina ankaganiza kuti wina mwa nkhalambafe akumbukira duku la Zenobia n'kuyamba kulumikiza zinthu. Mwina anangotopa ndi kubisa mitu.

Titabwera kumanda tinatsikira m'holo ya tchalitchi kukadya. Ndinakhala tebulo limodzi ndi Beulah ndi amayi ena, nkhuku yokazinga ndi chigumu zili patsogolo pathu. Beulah anaweramira kwa ife, koma kunong'ona kwake kumamveka kutsidya kwa msewu.

"Mwauona mutu wa mwanayo? Ozella ananena kalekale. Manja amenewo athothola ndi mwini wake yemwe."

"Shaa, ndiye amati ali ndi saluni," anatero wina.

"N'zamwayi kuti mayi ake sankamulola kuwagwira."

Ndinamenya tebulo mpaka mafoloko anadumpha.

"Beulah, tseka pakamwa pako! Ozella analibe tsitsi. Pamwamba ponse panali dazi, ngati mayi ake Zenobia. Limene mwaona m'bokosi lija wasoka ndi mwana yemwe mukumunenayu, ndipo limene munkasirira Lamlungu lililonse ankasokanso ndi yemweyu. Ndinagwira mutuwo ndi manja angawa dzulo."

Anandiyang'ana onse. Beulah anaika pansi fupa la nkhuku, napukuta zala.

"Corine, wamwa mankhwala ako lero?"

"Ndikunena zoona pamaso pa Mulungu."

"Usaike Mulungu pabodza. Ine ndili ndi mawigi odzaza kabati, wigi ndimaidziwa ndili kukhomo la tchalitchi. Ndaima pabokosi paja, ndaona tsitsi likutuluka m'khungu. Tonse taona. Munthu sanathe n'komwe tsiku m'dothi, iwe wayamba kale kumunyoza? Unkamuchitira nsanje kuyambira kale, ndi katsitsi kako ka mbewako."

Amayi ena anagwedeza mitu mondimvera chisoni. Mmodzi anandisisita paphewa n'kunena kuti maliro amasokoneza mutu, ndimwe madzi. Nditatukula maso ndinaona Rochelle ataima pafupi, jagi ya tiyi wozizira ili m'manja. Anali atamva zonse. Anathira tiyi m'tambula ya Beulah, nathiranso mu yanga, ndipo dzanja lake silinataye ngakhale dontho.

Palibe amene anandikhulupirira, ndipo mpaka lero palibe. Ntchito ya Rochelle inali yabwino kwambiri moti inaikira umboni bodza la mayi ake. Beulah tsopano amakweza mdzukulu wake galimoto kupita naye kutauni ina kukakonzetsa tsitsi, ndipo anauza kale a Gilliam kuti tsiku lake likadzafika, mwana wa Ozella asadzayandikire.

Rochelle anatsala masiku angapo kuti alongedze katundu wa m'nyumba. Loweruka ndinatsuka m'mutu, ndinadutsa njanji monga mwa masiku onse, ndipo ndinamupeza m'khitchini akukulunga mbale m'manyuzipepala. Mpando unali pamalo pake. Ndinakhalapo n'kumasula kansalu kanga kumutu.

"Mawa ndi Lamlungu, mwana wanga. Sindingapite chonchi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayatsa sitovu, natulutsa zipeso za mayi ake m'katoni imene anali ataziikamo kale. Anandipaka mafuta, anapatula tsitsi, anapukuta chipeso pathaulo. Ndinamva kutentha kwake kukuyandikira kunkhongo, kenako kunaima. Ndinadikira. Mayi wa imvi, mwini saluni ya magalasi, amene dokotala anamuuza zoona ndipo mayi ake anazivomera yekha, anaima kumbuyo kwanga chipeso chili m'malere.

"Anti Corine," anatero motsitsa mawu, "tsitsi lanu ndi lopyapyala kale. Mukutsimikiza?"

Ndinangogwira khutu.